Nkhosa Yofunda Bulangete

Chaka chimene Shire anaphwa mpaka mbuzi kumawoloka osanyowa mchira, sitima ya kampani inatitimira pamchenga kumunsi kwa Port Herald, kumene ife timati Nsanje, ndipo katundu wachangu anayenera kupitirira pa bwato. Umu ndi mmene Hilario, Msena wa ku Chinde wonyamula katundu m'sitimamo, anapezekera m'bwato limodzi ndi bokosi lofunda mabulangete awiri komanso a Paison, atsibweni ake a mkazi wake, munthu amene chibadwire sanagonjepo pa mkangano.

M'bokosimo munali nkhosa. Inaphedwa kutsidya kwa nyanja yamchere, kudziko limene Hilario sankatha kulitchula, n'kuyenda m'chipinda chozizira cha sitima yaikulu mpaka ku Chinde. Kumeneko anaiika m'bokosi pamodzi ndi utuchi komanso madzi oundana ngati miyala, amene a ku Chinde amati jelo. Mwini wake anali mzungu wa munda wa thonje kumtunda kwa doko, amene anati nyama ya mbuzi yamukola. Mbuzi zili mbwee m'chigwa muno, munthu n'kuitanitsa nkhosa yakufa kutsidya kwa nyanja. Koma nanga ife ndife yani, mimba ndi yake.

Sebastiano, mmwenye wa Chigowa woyang'anira zakudya m'sitima, ndiye anamutsina khutu Hilario. Bokosi asalitsegule, mabulangete asawachotse, dzuwa lisalione. Nkhosa ikafika ili yozizira, ntchito yokhazikika ndi kanyumba ku Chinde ndi zake, mabulangetenso adzakhala a banja lake. Koma mpaka tsiku limene kwawo kwa mkazi adzavomere kuti apite naye ku Chinde, mabulangetewo ndi a kampani, osabwereketsa munthu aliyense. Tsono Hilario anali munthu woti mawu ukamupatsa amawasunga mmene wamupatsira, osachotsera, osawonjezera. Ukamuuza kuti dikira pano, mvula imamupeza pompo.

Chimene chinkamuwawa mnzathuyu ndi Veronika. Anamukwatira kwa Amang'anja, kumene mwamuna amatsata mkazi, ndiye iye ankangomuona mkazi wake sitima ikaima padoko, ngati mlendo. Anapempha kuti amutenge chitengwa, akakhale naye ku Chinde. Mwini mbumba anali a Paison, msodzi wowamba milamba, ndipo yankho lawo linali loti tidzaona. Lero kampani inabwereka bwato la a Paison omwewo. Hilario anadziwa kuti nkhosa ikawola, ntchito palibe, Veronikanso palibe. Akawayankha molakwika apongoziwa, Veronika palibenso.

Atanyamuka, a Paison anakankha bwato ndi nsungwi yawo kwa kanthawi, diso lili pabokosi.

"Akamwini, m'bokosimo muli wodwala?"

"Nkhabe, apongozi. Muli nkhosa," anakana Hilario m'Chisena chakwawo.

"Nkhosa yamalungo?"

"Yakufa."

"Yakufa n'kufunda bulangete? Awirinso?"

"A Sebastiano anati ifunde kuti isatenthedwe."

A Paison anazika nsungwi m'matope, bwato n'kuima.

"Tanenaninso."

"Ifunde kuti isatenthedwe."

"Ine ndinabadwira m'chigwa muno. Bulangete ndinafundapo kamodzi, mwezi wa chisanu, ndinadzuka ndili noninoni ngati mlamba. Inu mukuti limaziziritsa?"

"Sindikuti ndine. Akuti ndi a Sebastiano."

"A Sebastianowo anayamba afundapo bulangete mwezi wa Okutobala ku Nsanje?"

"Sindinawafunse."

"Chotsani."

"Anati ndisachotse."

Apa a Paison anayamba kuphunzitsa. Anafotokoza kuti nyama ndi nsomba n'chimodzimodzi, mdani wake ndi chinyezi, mankhwala ake ndi dzuwa, mchere ndi utsi. Anakumbutsa kuti milamba yawo imafika ku Chiromo osanunkha, ndipo palibe mlamba umodzi umene anaufunditsapo nsalu. Hilario ankangovomera kuti inde apongozi, zoona apongozi, koma dzanja lake linali litagwira nsonga ya bulangete. Dzuwa linkakwera, mpweya wa pamtsinje uli ngati wotuluka m'ng'anjo.

Kenaka a Paison anaona kuti phazi lawo lanyowa. Madzi ankadontha pansi pa bokosi, n'kumatsetsereka kupita kwa iwo.

"Bwato langali silidontha. Katundu wanuyu akukodzera m'bwato."

"Si mkodzo, apongozi."

"Ndiye thukuta. Mwaona? Mabulangete anu aja. Nkhosa ikutuluka thukuta."

"Ndi jelo."

"Jelo ndani?"

"Madzi."

"Mwaika madzi m'bokosi la matabwa?"

"Madzi olimba."

"Akamwini, kwanu ku Chinde mumamwa chiyani?"

"Madzi wamba. Awa ndi ena, olimba ngati mwala. Akatenthedwa amasanduka wamba."

"Nanga si ndi zimene ndikunenazo? Atenthedwa. Chawatenthetsa n'chiyani?"

"Dzuwa."

"Dzuwa lawaona pati, afunda chonchi?"

Funsoli linamupweteka Hilario chifukwa Sebastiano sanamupatse yankho lake. Anangotenga chikho n'kuyamba kukapa madziwo, mutu uli pansi.

Tsoka silinunkha. Atadutsa pamabango ena, bwato linakwera pamchenga n'kukhala. A Paison anati mkamwini ndiye atsike akakankhe, msana wawo ndi wakale. Hilario anatsika, anazungulira kumbuyo, anayika phewa pabwato, maso ali pamadzi kuopa ng'ona. Akukankha choncho anamva kumwamba kukuti kwee, ngati chitseko cha tchalitchi. Atadzutsa mutu anaona mabulangete ali phwaa m'bwato, chivundikiro chili pambali, apongozi ake alowetsa mkono wonse mu utuchi.

"Apongozi, anati ndisatsegule."

"Ndiye mwatsegula?"

"Ayi."

"Basi, mlandu mulibe. Ndatsegula ndine."

Hilario anaganizira mawuwa ndipo anapeza kuti ndi oona, koma mtima wake sunakhale pansi. A Paison anatulutsa chimwala choyera, chowala, chikufuka kautsi pang'ono. Anachigwira ndi manja onse awiri, monyadira. Posakhalitsa nkhope inasintha. Anachiponya m'bwato n'kumauzira zala zawo.

"Mayo ine! Chikuwotcha!"

"Chikuzizira, apongozi."

"Zala ndi zanga kapena zanu? Ndati chikuwotcha. Taonani utsiwo. Chinthu chozizira chimafuka utsi?"

"Ku Chinde chimafuka."

"Mwachiphika ndi mabulangete mpaka chayaka. Mukanapitiriza, bwato langa likanapsa pakati pa mtsinje."

Anati iwo achiziziritsa mmene munthu wanzeru amaziziritsira chinthu chotentha. Anatenga chingwe cha ukonde, anamanga mwalawo mfundo ya msodzi yoti ngakhale mvuu singamasule, n'kuuviika mu Shire. Hilario anakwera m'bwato, anatseka chivundikiro mwakachetechete, n'kuyamba kukokera bulangete ndi chala cha kuphazi. A Paison anaponda nsonga inayo osayang'ana n'komwe.

Atayenda pang'ono, anati tsopano wapola. Anakoka chingwe. Chinabwera chopepuka, mfundo ili bwinobwino, mkati mulibe kanthu.

"Mlamba wameza."

"Mlamba sudya jelo, apongozi."

"Munaufunsa?"

"Wasungunuka. Madzi abwerera kumadzi."

"Mwala usungunuke? Mu Shire muno muli miyala imene agogo anga ankachapirapo, mpaka lero ilipo."

"Imeneyo ndi miyala ya miyala. Uwu unali mwala wa madzi."

"Mukundiyankha?"

"Nkhabe. Ndikungonena."

"Mkamwini asamakule mwendo, mwamva?"

Hilario anayang'ana miyendo yake, n'kuibweza pansi pa thabwa. M'mutu mwake ankaona Veronika ataima padoko ndi mtsuko, akuyang'ana sitima ikupita. Anadziuza kuti mwala umodzi si kanthu, yatsala yambiri, bola apongozi asaione nkhosayo. Koma munthu amene wagwira kale utuchi sangaleke asanafike pansi.

A Paison anatsegulanso. Anafukula ngati nkhuku pa dzala mpaka anapeza mwendo wa nkhosa wokulungidwa kansalu koyera. Anaugogoda ndi chala, unalira gogogo. Apa anamwetulira koyamba tsiku limenelo, n'kunena kuti pamenepa pokha azungu ayesetsa, nyama yauma bwino, ngakhale kuti utsi sanaupatse. Anautembenuza. Kumunsi, kumene madzi osungunuka anali atayamba kunyambita, chala chawo chinalowa. Atachitulutsa chinali chofiira.

"Akamwini, nkhosayi inaphedwa liti?"

"A Sebastiano anati tisanakolole mapira."

"Mapira ake ati?"

"Omwe tadya kalewa."

"Ndiye ikutuluka magazi lero?"

"Inde."

A Paison ananunkhiza. Ananunkhizanso. Anasunthira kumapeto kwa bwato.

"Mbuzi ukapha m'mawa kuno, dzuwa likafika pamutu ntchentche zayamba kale msonkhano. Iyi yafa miyezi yonseyi, fungo ayi, mphutsi ayi, magazi atsopano. Inafadi?"

"Mutu ilibe, apongozi."

"Sindinafunse za mutu. Ndafunsa ngati inafa."

"Anati yakufa."

"Anati, anati. Chinthu chikafa chimawola. Chimenecho ndiye chilungamo, ngakhale bambo m'tchalitchi amanena. Chokana kuwola chili ndi mwini wake. Ndipo mwachikweza m'bwato langa osandiuza."

Kunena zoona, mantha a a Paison sanali onamizira. Munthu wosodza usiku ndi usana amaona zambiri pamtsinje, ndipo amadziwa kuti chinthu chachilendo ukachinyamula osachikonza, nsomba zimathawa ukonde wako chaka chonse. Anakhotetsa bwato n'kuligunditsa pachilumba cha mchenga. Anati palibe chovuta, nyama yotere aikonza ngati mlamba: aidula timizere, aithira mchere, aiwamba pa moto wa bango, ife kachiwiri ndipo ife bwinobwino. Mzungu adzathokoza. Anatsika, anasolola mpeni wawo, n'kuyamba kudula bango louma akuimba.

Hilario anatsala m'bwato, thukuta likulowa m'maso. Anaona mwendo wa nkhosa uli padzuwa, miyala ikuchepa iye akuyang'ana. Chikwatirire sanawakanepo apongoziwa chilichonse. Anawalukira nkhokwe, anawasokera ukonde, anaseka nthabwala zawo zosaseketsa. Koma panali mawu ena amene anawasunga bwino, mmene amasungira mawu onse. Anabwezera mwendo mu utuchi, anaukwirira ndi miyala yotsala, anatseka, anafunditsa mabulangete onse awiri, n'kukhalapo. Anapinda manja.

A Paison anabwera ndi mtolo wa bango.

"Tsikanipo."

"Pepani, apongozi."

"Ndati tsikanipo."

"Ndamva. Pepani."

"Matako anu ndi a kampani kapena ndi anu?"

"Lero ndi a kampani."

A Paison anaika mtolo pansi mofatsa. Mawu awo anatsika, ndipo pamene munthu uyu watsitsa mawu mpamene ankaopsa kwambiri.

"Hilario. Mwana wa mlongo wanga mukumufuna ku Chinde?"

"Kwambiri."

"Ndiye sankhani. Bokosi kapena Veronika."

Hilario anakhazikika bwino pabokosipo.

"Munasankha kale ndinu, apongozi."

"Ine?"

"Tsiku lija ndinabwera kudzapempha, pansi pa mtondo, munati: mwamuna wosadziwa kusunga chinthu cha eni sindingamupatse mwana wanga apite naye kutali. Munabwereza kawiri. Kachiwiriko munaloza ndi kaliwo."

"Ndinkanena za anthu ena."

"Wopempha ndinali ine ndekha."

"Ndinkanena za zinthu zenizeni. Ng'ombe. Bwato. Osati mtembo wa nkhosa."

"Munati chinthu cha eni. Nkhosayi ndi ya eni."

"Ndiye lero ndikunena zina."

"Zoyamba zija simunazibweze."

"Ndikuzibweza pano."

"Munazinena pali ankhoswe. Kubweza kwake kukhalenso pali ankhoswe."

A Paison anayang'ana kumwamba ngati akufunsa Chauta chimene mbumba yawo inalakwa. Anayesa kukankha bokosi, koma wonyamula katundu wa pasitima si munthu womusuntha ndi dzanja limodzi. Anayesa kunyengerera, kuti adule kamwendo kamodzi kokha, kenako anayesa kuopseza kuti akanena kwa mlongo wawo kuti mkamwini wawatukwana. Hilario anafunsa mwaulemu kuti mawu otukwanawo ndi ati, kuti akawabwereze molondola akafunsidwa. Pamenepo a Paison analavula malovu mumtsinje, analowa m'bwato, anakhala chofulatira, n'kulengeza kuti iwo sakankhanso. Amene akufuna kufika apalase yekha ndi nkhosa yakeyo.

Hilario anapalasa. Kutsika pabokosi sakanatsika, ndiye anapalasa ali pomwepo, pamwamba, nkhafi ikungofika pamadzi ndi nsonga. Bwato linkayenda mokhotakhota ngati munthu wochokera ku kachasu. Azimayi ochapa m'mbali mwa mtsinje anasiya zochapa n'kumaseka, ena kufunsa ngati imeneyo ndi mfumu yatsopano. Mutu wake unkawira ndi dzuwa, kabudula atanyowa ndi madzi ozizira, ndipo mumtima munali chisoni chokhachokha, pakuti ankaona kuti nkhosa waipulumutsa koma mkazi wamutaya. A Paison ankangolankhula ndi mtsinje, kuuuza kuti masiku ano akamwini amakhala pamwamba, eni mbumba pansi.

Anafika padoko la munda wa thonje dzuwa litapendeka koma likadaluma. Hilario anasenza bokosi ndi mabulangete ake omwe mpaka kuseri kwa nyumba ya mzungu, a Paison akutsatira patali kuti akaone manyazi a mkamwini ndi maso awo. Kukhitchini anapeza Kaitano, wophika wa pamenepo, bambo wamfupi wa mimba yake amene anali atadikira nyamayi mpaka kutopa. Kaitano anachotsa mabulangete, anatsegula, anafukula utuchi. Miyala inalipo, yochepa koma inalipo. Anagwira nkhosa, anagwedeza mutu, n'kunena kuti yafika bwino, yozizira, ndipo Sebastiano auzidwa zimenezo. Hilario anamwetulira ndi chimwemwe.

Kenaka Kaitano anatenga mpeni, anayesa kudula, mpeni unaterereka. Anatukwana pang'ono, anati alendo a bwana akudya madzulo omwewo, ndani angaphike mwala. Ananyamula nkhosa yonse, anapita nayo pabwalo, anaiyala palata, padzuwa penipeni.

Hilario anathamangira ndi bulangete.

"Anati dzuwa lisaione."

"Pa ulendo," anatero Kaitano. "Pano yafika. Ifewe."

Kuseka kumene anaseka a Paison, agalu a mzungu anauwa. Anagwira m'mimba, anakhala pansi, anadzukanso, anamugwira chanza Kaitano ngati mbale wawo wotayika.

"Akamwini, nkhosa ili pati?"

"Padzuwa."

"Bulangete lili pati?"

"M'manja mwanga."

"Ine m'mawa ndinati chiyani?"

"Munati chotsani."

"Mawu a akulu akoma akagonera. Awa sanagonere n'komwe. Mwandinyoza pamaso pa azimayi ochapa chifukwa cha nyama yoti mwini wake aiyanika. Za ku Chinde muiwale. Mwana wanga sangapite ndi munthu wosamva."

Hilario anapinda mabulangete bwinobwino, nsonga ndi nsonga, n'kuwaika pamutu. Ntchito anaipeza, kanyumba anakapeza, koma kokhalamo yekha. Anayamba kutsetsereka kupita kumtsinje.

Kumbuyo, Kaitano anasankha miyala iwiri yabwino yoti bwana aike m'chakumwa chake, anaikulunga m'chiguduli chokhuthala, n'kuilowetsa m'nyumba. Wotsala, waukulu ngati papaya, anaukhuthulira pabwalo pamodzi ndi utuchi. A Paison anaima. Anayang'ana chiguduli chija chikulowa m'nyumba, anayang'ananso mwala uli pansi. Anaganiza za anzawo a padoko, amene akawauza madzulo ano kuti agwira madzi olimba ofuka utsi adzati mkuluyu wayambanso mabodza ake. Anaganiza za mlongo wawo, amene sakhulupirira kanthu asanakagwire. Anasuzumira uku ndi uku, anatola mwalawo ndi chipewa, n'kutsatira mkamwini.

Pofika kubwato chipewa chinali chikudontha. Anauika pamthunzi, pansi pa thabwa. Unapitiriza kulira misozi. Anaukupiza ndi tsamba la nthochi, ndiye unachita kufulumira. Anayang'ana mtsinje, anakumbukira mfundo yopanda kanthu ija, n'kuubweza msanga. Hilario ankapalasa, maso ali kutsogolo, mabulangete ali pamiyendo pake.

A Paison anatsokomola.

"Akamwini, kwayamba kamphepo."

"Kulibe, apongozi."

"Ndati msana wanga ukumva kamphepo. Tabwerekani bulangete limodzi."

"Munati limatentha."

"Ndi chifukwa chake ndikulifuna."

"Mukutuluka thukuta."

"Thukuta ndi langa. Bweretsani."

"A Sebastiano anati osabwereketsa munthu aliyense."

"Ine ndine munthu aliyense?"

"Ndinu munthu."

A Paison anasuzumira m'chipewa. Papaya uja anali atasanduka bwemba lalikulu.

"Nkhosa yafika. Mabulangete ndi anu tsopano. Ndinamva ndi makutu anga pa sitima paja."

"Munamva theka. Anati ndi a banja langa la ku Chinde. Anati mpaka kwawo kwa mkazi atavomera kuti apite, ndi a kampani."

"Ndiye?"

"Kwawo kwa mkazi akana. Pabwalo paja."

"Ndinkaseka."

"Munaseka kaye, kenako munakana."

"Kanthawi kochepa chabe, akamwini. Kampani ili kuti pakati pa mtsinje pano?"

"Ili pamiyendo pangapa."

Dontho lina linagwa kuchokera m'chipewa n'kutera paphazi la a Paison. Anayang'ana kumunsi kwa mtsinje, kumene mudzi wawo unali usanayambe n'kuoneka komwe. Anayang'ana mwala. Anayang'ana mkamwini wawo, amene ankapalasa mofatsa ngati munthu wopanda kopita. Anapukuta nkhope ndi mkono, anapuma mozama, mpweya n'kutuluka ndi kaphokoso.

"Ku Chinde kuli munda?"

"Kadimba."

"Udzudzu?"

"Ngati kuno."

"Mudzabwera naye pa nthawi yokolola?"

"Mukanena, ndidzasunga."

"Zimenezo ndiye ndaziona." Anatambasula dzanja, chipewa chikudontha m'dzanja linalo. "Mtengeni Veronikayo. Ndavomera, ankhoswe tikawauza. Bweretsani bulangetelo."

Hilario anasiya nkhafi. Chimwemwe chinamukwera mpaka m'makutu, koma anafuna kuti zinthu zimveke bwino, asadzalakwitse pofotokoza.

"Ndibweretse la msana wanu, apongozi?"

"Onse awiri, chitsiru iwe, ndipo fulumira," anatero a Paison, akukulunga mwala wawo ngati khanda. "Sukuona kuti ukutenthedwa?"